Ndapempherera ukali wanga kwa zaka zambiri koma sukutha, ndikulakwitsa pati?

Amayi a Tadala
Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga za anzanga pa gulu lino osalankhulapo, koma lero ndalimba mtima. Vuto langa ndi ukali. Kunja anthu amandidziwa kuti ndine mayi wofatsa, kumpingo amandipatsanso maudindo. Koma ndikafika pakhomo madzulo, mwana akangotaya madzi pansi kapena akachedwa kuyankha ndikamuitana, mawu amene amatuluka m'kamwa mwanga ndi ochititsa manyazi. Ndasalapo kudya, ndapemphereredwapo, ndipo Januwale aliyense ndimalonjeza Mulungu kuti chaka chino ndisintha. Mwezi usanathe ndimakhala ndabwerera pakale. Chandiswa mtima n'chakuti dzulo ndinamva mwana wanga wamkulu akukalipira mng'ono wake ndi mawu anga omwe, kamvekedwe kake komweko. Ndiye ndifunse: kusintha khalidwe ndi ntchito ya Mulungu kapena yanga? Ngati ndi ya Mulungu, bwanji sakuichita? Ngati ndi yanga, pemphero ndi la chiyani?

Mnyamata wa Kwaya
Amayi, chimenecho ndi chiwanda. Musachedwe, pitani kwa mtumiki wa Mulungu akachitulutse. Zauzimu sizitha ndi nzeru za munthu.

Mphunzitsi Wopuma
Mwana wanga wa kwaya, changu chako n'chabwino, koma tisathamangire kutchula chiwanda. Werenga Agalatiya 5:19-21. Paulo akundandalika ntchito za thupi, ndipo kupsa mtima kuli pomwepo pamodzi ndi ndewu, kaduka ndi kuledzera. Sakuti zitulutsidwe ayi. Akuti tiyende mwa Mzimu, ndipo m'ndime 22 ndi 23 akutchula chipatso cha Mzimu, mmene muli kuleza mtima, kufatsa ndi kudziletsa. Choopsa cha kungoti ndi chiwanda n'chakuti amayiwa akapemphereredwa lero, mawa n'kukalipanso, adzaganiza kuti ngakhale Mulungu zamukanika. Ndaona anthu akugwa mphwayi ndi chikhulupiriro mwanjira imeneyi.

Amayi a Tadala, tsegulani Afilipi 2:12-13. M'ndime 12 Paulo akuuza Akhristu kuti agwire ntchito ya chipulumutso chawo ndi mantha ndi kunthunthumira. M'ndime 13 akupereka chifukwa chake, kuti ndi Mulungu amene akugwira ntchito mwa iwo kuti afune komanso kuti achite. Sanagawe kuti theka lanu, theka la Mulungu. Inu mukugwira chifukwa Iye akugwira kale. Mlimi mvula si yake koma khasu ndi lake, ndipo amene wangokhala pakhonde kudikira mvula sakolola kanthu. Kuwawa kumene munamva dzulo kuja, ine ndikuona kuti ndi Mulungu amene wayamba kale ntchito mwa inu.

Wophunzira Zaumulungu
Ndionjezereko pang'ono pa zimene anena abambowa. Funso limeneli linagwedezapo mpingo kalekale. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 400 kunali Pelagius, wochokera ku Britain koma ankakhala ku Rome. Ankakhumudwa kuona Akhristu akukhala motayirira n'kumati ndife anthu ofooka, choncho ankaphunzitsa kuti munthu ali nayo mphamvu yosankha chabwino, ndipo Mulungu sangalamule chimene munthu sangathe. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, anamutsutsa. Iye ankati uchimo unavulaza chifuniro chenichenicho cha munthu, moti popanda chisomo sitingafune n'komwe chabwino. Mu 418 msonkhano wa mabishopu ku Carthage unakana chiphunzitso cha Pelagius. Koma zimenezi sizinatanthauze kuti Mkhristu angopinda manja. Pa 2 Petro 1:3 pakuti mphamvu ya Mulungu yatipatsa zonse zofunika pa moyo ndi kupembedza, kenaka ndime 5 mpaka 7 zikuti pa chifukwa chomwecho tichite khama kuonjezera pa chikhulupiriro ukoma, chidziwitso, kudziletsa, chipiriro, mpaka kukafika pa chikondi. Kupatsidwa kumayamba, khama limatsatira.

Namwino wa Usiku
Achemwali, ine ndikufunseni za thupi, chifukwa nalonso analenga ndi Mulungu. Ukaliwu umabwera nthawi yanji? Mumagona maola angati? Mukamafika pakhomopo mumakhala mutadya? Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 kapena kuposera, ndipo wosagona mokwanira sachedwa kupsa mtima, kaya ndi wopemphera chotani.

Kumbukirani Eliya pa 1 Mafumu 19. Atathawa Yezebeli anakhala pansi pa kamtengo m'chipululu n'kupempha kuti afe. Mngelo sanamulalikire. Anamudzutsa kuti adye ndi kumwa, iye anagonanso, mngelo anamudzutsanso kachiwiri kuti adye. Zolankhula zinadzabwera pambuyo pake ku Horebu.

Palinso matenda amene amabisala mu ukali. Chithokomiro chikamagwira ntchito mopitirira muyeso munthu amakwiya msanga, mtima umagunda kwambiri, amatuluka thukuta ndiponso amaonda chikhalirecho akudya bwino. Matenda a kukhumudwa, makamaka mayi akangobereka kumene, nthawi zina amaonekera mu ukali osati m'misozi. Ngati china mwa izi mukuchiona, kayezetseni kuchipatala. Ndipo ndinene mosabisa kwa aliyense amene akuwerenga: ngati ukali wafika pomenya mwana mpaka kumuvulaza, musadikire kuti musinthe pang'onopang'ono. Uzani munthu wamkulu wodalirika lero lomwe.

Amayi a Tadala
Zikomo anamwino. Kumenya ayi, ndi pakamwa pokha, ngakhale ndikudziwa kuti mawu nawo amavulaza. Funso la nthawi landiganizitsa. Pafupifupi nthawi zonse ndi madzulo ndikangolowa m'nyumba, chikwama chikadali paphewa, ana onse akundilankhula pakamodzi. Loweruka ndi Lamulungu sindikalipa kwenikweni. Kugona ndiye ndimagona mochedwa, ndili pa foni. Zaka zonsezi ndakhala ndikupempherera ukali wonse pamodzi, osayang'ana kuti umalowera pati.

M'bale Wanu Msilamu
Mundilole ndiyankhulepo ngakhale ndine Msilamu, chifukwa nkhondo imeneyi tonse timaimenya. Qur'an pa sura 3 ndime 134 imayamikira anthu amene amabweza mkwiyo wawo ndi kukhululukira anzawo. Onani kuti sikunena za anthu osakwiya, koma amene mkwiyo wafika n'kuugwira. Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, anaphunzitsa kuti wamphamvu si amene amagwetsa anzake polimbana, koma amene amadzigwira akakwiya. Anaperekanso malangizo ogwirika: ukakwiya uli chiimire khala pansi, ukaona kuti sunathe gona pansi. Ine ndimachita zimenezi ndipo zimandithandiza, chifukwa n'kovuta kukalipa mwamphamvu uli chikhalire. Amayi, mwanena nokha kuti zimachitika chikwama chili paphewa. Yambani ndi kutula chikwamacho n'kukhala pansi musanayankhe mwana aliyense. Mwezi wa Ramadan timaphunzira zomwezi. Wosala akatukwanidwa amangoyankha kuti ndikusala, n'kusiya pomwepo. Kusala kumene sikunafike pa lilime sikunapite patali.

Mphunzitsi Wopuma
Mwalankhula bwino achimwene. Yakobo 1:19 akunena zofanana, kuti munthu akhale wofulumira kumva, wochedwa kulankhula, wochedwa kukwiya. Kuchedwa ndi chinthu chimene munthu angaphunzire.

Mlongo wa Chikatolika
Kwathu ku Chikatolika tili ndi njira imene anasiya Ignatius wa ku Loyola, amene anayambitsa chipani cha Ajezwiti. Anali msilikali, ndipo mu 1521 anavulala mwendo ndi chipolopolo cha mzinga pa nkhondo ya ku Pamplona. Ali chigonere kudikira kuchira anayamba kuonetsetsa zimene zinkachitika mumtima mwake, kuti maganizo ati amamusiya ndi mtendere, ati amamusiya wouma. Pambuyo pake anaphunzitsa anthu kudzifufuza tsiku ndi tsiku, ndipo mbali ina ya njirayi ndi yolimbana ndi vuto limodzi lokha. M'mawa ukadzuka umatsimikiza pamaso pa Mulungu kuti lero ndisamala pa chinthu chakuti. Masana umaima pang'ono n'kuyang'ana m'mbuyo kuti ndagwa kangati, n'kuika timadontho papepala. Madzulo chimodzimodzi. Kenaka umayerekeza lero ndi dzulo, sabata ino ndi yatha.

Ine ndinaigwiritsa ntchito pa miseche. Kakope kanga kanandionetsa chimene sindinkachiona, kuti timadontho tambiri tinkagwa ndikakhala ndi anthu awiri omwewo, pa nthawi yopuma kuntchito. Ndinangosintha pokhala. Pemphero langa nalonso linasintha. Poyamba ndinkati Ambuye ndisandutseni munthu wabwino. Tsopano ndimati Ambuye nthawi yopuma ikubwera, gwirani lilime langa.

Bambo a Yankho
Pepani mlongo, koma ine zimenezi zikundidetsa nkhawa. Kuwerenga machimo m'kope si kubwerera ku chilamulo kodi? Munthu akaona timadontho tachepa ayamba kudzitama ngati Mfarisi wa pa Luka 18, akaona tachuluka ataya mtima. Tinapulumutsidwa mwa chisomo, osati mwa ntchito.

Mlongo wa Chikatolika
Nkhawa yanu ndi yoona abambo, ndipo ndaonapo anthu amene kakope kanawasandutsa odzizunza. Munthu wotere ndi bwino asiye. Koma kudzifufuza kwa madzulo kumayamba ndi kuthokoza Mulungu pa zabwino za tsikulo, machimo amabwera pambuyo, ndipo kumatha ndi kupempha chikhululukiro ndi chisomo cha mawa. Kakopeko sindikaonetsa Mulungu kuti andilipire. Ndi ka ine, kuti ndisadzinamize. Mfarisi uja ankadziyerekeza ndi mnzake. Ine ndimadziyerekeza ndi ine wa sabata yatha.

Wokonda Kuwerenga
Pa nkhani ya malonjezo a Januwale aja ndinenepo. Anthu ambiri amamva kuti chizolowezi chatsopano chimakhazikika m'masiku 21, ndiye akaona mwezi watha asanasinthe amati zakanika. Phillippa Lally ndi anzake ku University College London anafufuza zimenezi pa anthu 96, aliyense atasankha kachizolowezi kamodzi kochita tsiku lililonse. Anapeza kuti pakatikati zinkatenga masiku 66 kuti chinthucho chizichitika chokha osachita kukumbukira, koma ena zinawatengera masiku 18 okha, ena zinkaoneka kuti zifika masiku 254. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikunkaononga zonse. Izitu zinali zing'onozing'ono, monga kumwa madzi kapena kuyenda pang'ono. Nanga khalidwe limene munthu wakula nalo? Amayi, mwezi umodzi ndi wochepa kwambiri kuti mudziweruze.

Agogo a Mphatso
Ana anga, zonse mwanenazi n'zabwino, koma pali chimodzi chimene palibe wachitchula. Mwana wanga Amayi a Tadala, mukakalipa chonchi mumapepesa kwa ndani? Ndikudziwa kuti kwa Mulungu mumapepesa. Nanga kwa mwanayo?

Ine ndinalera ana anga ndi pakamwa powawa. Usiku ndinkagwada n'kulira pamaso pa Mulungu, m'mawa n'kudzuka ngati palibe chachitika. Mulungu ankamva kulapa kwanga, koma ana ankangomva kukalipa. Mwana wanga wamkazi anadzandiuza atakwatiwa kale, ali ndi ana ake, kuti amayi, ndinkamva mapazi anu panja mtima n'kuyamba kugunda. Ananena modekha, akupinda zovala, osandiyang'ana kumaso. Ndinamupepesa tsiku limenelo ndili ndi imvi. Inu musadikire imvi.

Yesu pa Mateyu 5:23-24 anati ukabwera ndi chopereka paguwa n'kukumbukira kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, siya choperekacho, pita ukayanjane naye kaye. Mwana wanu ndi m'bale wanunso mwa Ambuye. Zakeyu atakumana ndi Yesu sanangolira, anati amene ndinamubera ndimubwezera kanayi.

Bambo a Yankho
Agogo, ndi ulemu wonse, apa ndiye sindikugwirizana nanu. Kholo likayamba kupepesa kwa mwana, mwanayo adzalilemekeza bwanji? Mawa akalakwa mukamudzudzula adzayembekeza kuti mupepesenso. Ana amafunika kudziwa kuti wamkulu ndi ndani pakhomo.

Agogo a Mphatso
Mwana wanga, simupepesa chifukwa chomudzudzula. Mupepesa chifukwa cha mmene mwadzudzulira. Mumamuuza kuti kutaya madzi kuja ukolope ndithu, koma mawu amene ndinakunena aja anali oipa, ndalakwa, undikhululukire. Chilango chikhalepo, chipongwe chichoke. Mwana amadziwa kale kuti mwalakwa. Chimene sadziwa n'chakuti munthu wamkulu akalakwa amatani, ndipo ngati sachiona kwa inu adzachiona kwa ndani?

Mphunzitsi Wopuma
Ndikuikira kumbuyo agogo. Zaka zimene ndinali m'kalasi ndinaona kuti ana salemekeza mphunzitsi wosalakwa, chifukwa kulibe. Amalemekeza wachilungamo. Ndipo Paulo yemweyo amene anauza ana kuti amvere makolo pa Aefeso 6:1, m'ndime 4 anatembenukira kwa atate kuti asakwiyitse ana awo. Pa Akolose 3:21 anaperekanso chifukwa, kuti angataye mtima.

Bambo a Yankho
Ndamva. Sindinakhutire kwenikweni, makamaka kwa ana aamuna akamakula, koma kusiyanitsa kudzudzula ndi kadzudzulidwe ndakugwira. Ndikalingalira.

Namwino wa Usiku
Chenjezo limodzi pa kupepesaku. Musamusenzetse mwana katundu wanu. Kulira pamaso pake mpaka iye ayambe kukutonthozani, kapena kunena kuti ukanamvera sindikanakalipa, kumeneko si kupepesa. Mawu ochepa, omveka, n'kumusiya. Asakakamizidwenso kunena kuti ndakukhululukirani nthawi yomweyo.

Mnyamata wa Kwaya
Ndawerenga zonse ndipo ndaphunzirapo. Koma ndili ndi funso lenileni. Mose anayenda ndi Mulungu moyo wake wonse, komabe ku Meriba anakwiya n'kumenya thanthwe, mpaka sanalowe m'dziko lolonjezedwa. Ngati Mose ukali sunamuthere, ife tili ndi chiyembekezo chanji?

Mphunzitsi Wopuma
Funso labwino kwambiri mwana wanga. Tiyeni timuyang'ane Mose moyo wake wonse. Ali ndi zaka 40, malinga ndi Machitidwe 7:23-24, anaona Mwigupto akuzunza Mwisraeli, anamupha. Eksodo 2 akuti anamukwirira mumchenga. Anathawira ku Midiyani, kumene anakhala zaka zina 40 akuweta nkhosa za apongozi ake. Eksodo 7:7 akuti anali ndi zaka 80 pamene anakaima pamaso pa Farao. Tsopano taona munthu yemweyu m'chipululu. Anthu akumudandaulira za madzi, za chakudya, ena akufuna kumuponya miyala. Pa Numeri 12 mlongo wake Miriamu ndi m'bale wake Aroni akumunena, ndipo pomwepo m'ndime 3 Malemba akuti Mose anali wofatsa kuposa anthu onse a padziko. Miriamu atagwidwa khate, amene anamupempherera kuti achire ndi Mose yemweyo. Munthu amene anapha ndi manja ake akupempherera womunyoza.

Inde, pa Numeri 20 anagwa. Mulungu anati alankhule ndi thanthwe, iye anatcha anthu opanduka n'kumenya thanthwe kawiri. Zotsatira zake zinali zowawa, ndipo sitiyenera kuzichepetsa. Koma kugwa kumeneko sikufufuta zaka zonse za kuleza mtima zija. Chimene ndimaphunzirapo n'chakuti pamene unali wofooka uli mnyamata pamafuna mlonda mpaka ukalamba. Ine ndadutsa zaka 70 ndipo ndimadziwabe pamene pali pofooka panga.

Wophunzira Zaumulungu
Onjezanipo Yohane. Yesu anamutcha iye ndi m'bale wake Yakobo ana a bingu, pa Marko 3:17. Pa Luka 9:54 mudzi wina wa Asamariya utakana kulandira Yesu, awiriwa anafunsa ngati angaitane moto kuchokera kumwamba kuti uwanyeketse. Yesu anawadzudzula. Ndiye werengani Machitidwe 8:14-17. Asamariya atalandira mawu a Mulungu, atumwi anatuma Petro ndi Yohane, ndipo Yohane yemwe uja anakawasanjika manja kuti alandire Mzimu Woyera. Pakati pa nkhani ziwirizi sitiwerenga za tsiku limodzi limene ukali wake unachotsedwa. Tiwerenga za kuyenda ndi Yesu, kudzudzulidwa, mtanda, kuuka ndi Pentekoste.

Amayi a Tadala
Abale, ndabweranso patapita masiku angapo. Sindinasinthe kukhala mngelo ayi, koma ndinene zimene ndachita. Ndinawauza ana kuti amayi akafika azikhala kaye pansi n'kumwa madzi, nkhani zonse zibwere pambuyo. Wamng'ono ndi amene tsopano amathamangira kapu. Foni ndikuisiya kutali ndi bedi. Kakope ndayamba, koma ndatsatira mawu a Mlongo wa Chikatolika, ndikuyamba ndi kulemba chabwino chimodzi chimene Mulungu wandichitira tsikulo. Lachinayi ndinakalipa. Ndinapita kukapepesa monga anandiuzira agogo, ndipo kunena zoona kunali kovuta kuposa kusala kudya. Mwanayo anangondiyang'ana osayankha, kenaka anafunsa ngati ndadwala. Chithokomiro ndikayezetsa sabata ya mawa chifukwa mtima umandigunda nthawi zina. Chimene ndikuopa n'chakuti zonsezi zingathere panjira ngati malonjezo a Januwale.

Wophunzira Zaumulungu
Mantha amenewo ndi oyenera amayi, ndipo mankhwala ake ndi kusayenda nokha. John Wesley, mlaliki wa ku England amene anayambitsa gulu la Methodist, anazindikira zimenezi pafupifupi mwangozi. Mu 1742 ku Bristol anagawa anthu ake m'timagulu ta anthu pafupifupi 12 kuti azisonkha kandalama sabata iliyonse kobwezera ngongole ya nyumba yopemphereramo. Atsogoleri akamayendera anthuwo anayamba kudziwa mmene aliyense akukhalira, amene wabwerera ku mowa, amene akukangana ndi mkazi wake. Wesley anaona kuti ichi n'chimene chinkasowa. Timaguluti tinasanduka misonkhano ya sabata ndi sabata, mmene aliyense ankafunsidwa za moyo wake wauzimu, ndipo tinakhala msana wa mpingo wa Methodist. Pezani munthu mmodzi kapena awiri osunga chinsinsi, amene angakufunseni mosanyengerera kuti sabata ino zayenda bwanji.

Agogo a Mphatso
Ine ndilipo mwana wanga. Mundilembere kumbali, ndizikufunsani Lamulungu lililonse madzulo. Koma mupezenso wina wapafupi amene amakuonani maso ndi maso, chifukwa pa foni munthu amatha kubisa.

Mayi Wachete
Pepani ndalowerera mochedwa. Ine vuto langa ndi losiyana. Sindikalipa, koma ndikakwiya ndimangokhala chete, nthawi zina sabata yathunthu osalankhula ndi amuna anga, chakudya ndikuwapatsa ndithu koma mawu ayi. Ndinkadziona ngati wofatsa, koma nditawerenga za Aefeso 4:26 kuti dzuwa lisalowe muli chikwiyire ndaona kuti ndi ukali womwewo. Mlongo wa Chikatolika, pa vuto ngati langali kadontho ndingaike pati, popeza palibe mawu amene ndimatulutsa?

Mlongo wa Chikatolika
Ikani pamene munali ndi mpata wolankhula n'kusankha kukhala chete. Akulowa m'nyumba inu osawalonjera, kadontho. Akufunsani kanthu inu n'kuyankha ndi mutu, kadontho. Ndipo m'mawa musalonjeze zazikulu. Sankhani chiganizo chimodzi chimene mudzawauze dzuwa lisanalowe, ngakhale chikhale chakuti zimene munanena dzulo zinandipweteka, ndikufuna tikambirane ndikakhazikika mtima. Agogo, mungawatengenso amayiwa Lamulungu?

Agogo a Mphatso
Abwere. Onse awiri andilembere lero kuti tigwirizane nthawi.